Maola Anayi M'ngalande Kudikira Ondipulumutsa

Lachisanu la sabata yatha ndinagona m'ngalande maola anayi ndi mphindi khumi, mwendo wonse utapakidwa tomato, kudikira anthu oti andipulumutse ku madzi osefukira. Madziwo kunalibe. Ondipulumutsawo kunalibenso. Inu a ku ofesi ija yoona za ngozi, sindikutchulani dzina, mukudzidziwa nokha. Khalani pansi muwerenge, chifukwa pamaso munakana kundimva.

Amene simundidziwa, ndine Abiti Saidi wa ku Lungwena. Ndimagula usipa kwa alovi, asodzi a m'mabwato, kuyanika pa thandala, kugulitsa. Mutu wanga umagwira bwinobwino. M'ngalandemo ndinalowa chifukwa cha ababa anga.

Ababa chiwagwireni sitiroko, mbali yonse yakumanzere inafa. Sayenda. Nyumba yathu ili kufupi ndi mtsinje, ndipo mtsinje wathuwu ulibe ulemu. Mvula ikagwa kumapiri uko, kuno madzi amangotulukira masana, dzuwa likuswa mtengo. Dzinja lathali anafika mpaka pakhonde. Ine ndinali kudoko, tsidya lina la mtsinje, ana ali kusukulu, ababa ali okha pamkeka akuwayang'ana madzi akubwera. Anabwerera okha madziwo, Alhamdulillah. Nanga chaka chino adzabwereranso okha? Ndani wapangana nawo?

Ndiye Che Ajusa, a tcheya a komiti ya ngozi ya m'mudzi mwathu, atabwera kudzanena kuti a ku boma akubwera Lachisanu kudzachititsa mayesero a kusefukira kwa madzi, komanso kudzalemba m'kaundula anthu oyenera kunyamulidwa koyamba, ine mtima unagwa pansi. Ndinati basi, ababa apeza owanyamula. Che Ajusa anati pakufunika anthu asanu ndi mmodzi oti achite ngati ovulala. Ndinakweza dzanja ndisanamve n'komwe kuti kuvulala kwake n'kotani. Safunsa anadya phula, ndavomera.

7:30 m'mawa ndinali nditafika kale pabwalo la sukulu. Usipa ndinausiya pa thandala kuti akhwangwala azidzisankhira okha.

8:15 inafika galimoto yoyera. Anatsika bwana wina atavala vesiti yonyezimira, chipewa cholimba cha omanga mlatho, wenzulo ali lende m'khosi. Timutche Bwana Vesiti. Katundu amene anatsitsa ndinamuwerenga ndi maso angawa: chimkuzamawu chimodzi, machira amodzi, makatoni atatu a mabanzi, mipando makumi anayi. Machira amodzi, abale. Mipando makumi anayi. Kodi madzi akasefukira tizidzakhala pansi?

Bwana Vesiti anatilongosolera. Ati wenzulo ikalira katatu, ndiye kuti madzi afika. Opulumutsa, omwe anali alovi khumi ndi awiri a kudoko kwathu komweko, athamanga kukatifunafuna, atinyamula pa machira, akatisiya mu tenti. Ati zonse zitha isanakwane 10 koloko. Mawu akuti chakudza sichiimba ng'oma anawabwereza kanayi, kwinaku kumbuyo kwake amayi a gule akuwamba ng'oma zolandirira mlendo wolemekezeka.

Kenako anati utoto wofiira woyerekeza magazi auiwala ku ofesi. Anayang'ana uku ndi uku, maso n'kukagwa pa lichero la a Rozina. A Rozina ndi aneba anga, amagulitsa tomato, kwawo kwenikweni ndi ku Mozambique koma anakulira konkuno. Nawonso anali m'gulu la ovulala. Tomato zisanu ndi zitatu zinafinyidwa pa mwendo wanga wakumanja, kuyambira pabondo mpaka kuchidendene. Anandikoleka kachikwangwani m'khosi kolembedwa kuti WOTHYOKA MWENDO. Ka a Rozina kanali kolembedwa kuti WOMWALIRA.

Ndinafunsa kuti bwana, nanga dzina la ababa mulemba nthawi yanji? Anati zimenezo zikatha izi, mayi. Ndiye anandiloza ndi wenzulo ija. Ati chonde musadzuke, zivute zitani, mpaka atakunyamulani. Ati wothyoka mwendo sadzuka. Ati mukadzuka mwaononga ripoti lonse, ndipo mudzi wanu akauona ngati wosamva zinthu, ngakhale kaundulayo sakamulandira.

Mawu amenewo ndi amene anandimanga.

9:05 anandigoneka m'ngalande ya kuseri kwa sukulu, iye mwini Bwana Vesiti, ndi manja ake. A Rozina anawagoneka chapafupi, pansi pa mtengo wa mango. Mwamva? Womwalira pamthunzi, wamoyo padzuwa la Novembala. Nzeru zimenezi munaphunzira sukulu yake iti, kuti ana anga ndisawatumizeko?

9:30, zii. 10 koloko, zii. Ati wenzulo singalire mlendo wolemekezeka asanafike. Ha! Ndiye kuti madzinso azidzayamba aima pamlatho, kudikira kuti abwana akhale pansi?

10:10 ndinaona machira akubwera chakuno, anyamata awiri atanyamula. Ndinakonza nkhope, n'kuyamba kubuula monga anatiphunzitsira. Mayo ine, mwendo wanga, mayo! Anandidutsa. Pa machirapo panali mipando. Patapita kanthawi anadutsanso, ulendo uno atanyamula makireti a zoziziritsa kukhosi.

Nyerere ndi zimene zinayamba kundipeza. Izo sizinafune wenzulo, sizinafune chimkuzamawu, zinangomva fungo la tomato n'kuitanizana mudzi wonse. Ndinaluma chitenje. Ndinati Abiti Saidi, pirira, ukupiririra ababa.

10:40 inabwera mbuzi. Inaima pamwamba pa ngalande, kundiyang'ana, ine kuiyang'ana. Inatsika. Inanyambita mwendo wonse mwaulemu, kenako n'kuyamba kachikwangwani kaja. Ndinati choka iwe, koma monong'ona, poopa kuononga ripoti. Inadya konse, kundisiyira chingwe chokha m'khosi. Pa zamoyo zonse zimene zinali pamalopo tsiku limenelo, mbuzi yokhayo ndi imene inabwera kudzaona wovulala.

Apo n'kuti mtembo wa pansi pa mango ukuseka mpaka kutsokomola. Ndinati a Rozina, akufa saseka. Anati achemwali, akufa enieni sagona ndi njala chonchi, amakhala atapuma.

11 koloko itakwana a Rozina anadzuka. Anakutumula chitenje, kuvula chikwangwani, kuchikoleka pa nthambi. Anati: "Ine amayi anathawa nane nkhondo ndili kumsana, osafa. Ndiye ndidzafere pano chifukwa cha banzi? Ana anga aweruka posachedwa, ndikaphike. Tiyeni, achemwali."

Ndinati pitani. Iwo bambo awo amayenda okha, amapalasa ndi njinga yomwe. Ine ndinatsala.

11:35 ng'oma zinalira, nthungululu, mlendo wafika. Ndinati basi, zatha. Ayi ndithu, kunali kuyamba kumene. Ndili m'ngalandemo ndinamva zolankhula zonse pa chimkuzamawu. Olankhula analipo asanu, aliyense kuyamba ndi kuti ine sinditalikitsa. Wachitatu anafotokoza mbiri ya ofesi yawo kuyambira pomwe inali m'kachipinda kamodzi. Wachinayi anathokoza wachitatu. Mlendo wolemekezeka anati anthu a m'mbali mwa nyanja tisiye chibwana, tiziika moyo patsogolo. Ine apo nyerere zinali zitafika m'chiuno.

12:20 chimkuzamawu chinazima pakati pa chiganizo. Mabatire atha. Chida chomwe anabweretsa kuti chizitichenjeza madzi akamabwera chinathera kuthokozana.

12:24 wenzulo inalira. Kamodzi, kawiri, katatu. Ndinamva mapazi, alovi akuthamanga, fumbi kobo. Ndinayambanso kubuula.

12:25 azana inalira ku mzikiti.

Tsopano ndifunse, ndipo ndikufunsa mofatsa. Ndani anasankha tsikuli? Lachisanu. Ku Lungwena. Dzuwa lili pamutu. Mwakhala m'boma lino zaka zingati osadziwa kuti nthawi imeneyo amuna a kuno amakhala kuti? Ngakhale wogulitsa mandasi amadziwa kuti nthawi ya swala ya Juma, pemphero la Lachisanu lija, amavundikira beseni. Mwa opulumutsa khumi ndi awiri aja, khumi ndi mmodzi anangokhota momwe amathamangiramo, ulendo wa ku mzikiti. Ndinamva pambuyo pake kuti machira anawatsamiritsa pakhoma pafupi ndi nsapato zawo. Sindikuwada ayi. Anauzidwa kuti zitha 10 koloko, ndipo munthu sangasiye swala chifukwa cha madzi ongoyerekeza.

Anatsala mmodzi, mnyamata wa ku Malindi amene amapemphera ku Anglican. Ameneyo akuti anayesetsa. Anathamanga yekha bwalo lonse, n'kupeza wovulala mmodzi amene anali atadzuka kale kukafuna madzi akumwa, n'kumugwira dzanja mpaka mu tenti. Anthu anawomba m'manja. Kuwombako ndinakumva, ndipo ndinaganiza kuti akubwera kwa ine.

1:15 ndi pomwe mutu wa munthu unasuzumira m'ngalande. A Rozina. Atanyamula jagi ya thobwa.

"Subhanallah yanu mumanena mukadabwa ija ineneni tsopano," anatero. "Mukadali momwemu? Galimoto yapita kalekale! Ati ovulala onse asanu ndi mmodzi apulumutsidwa."

Inde, abale anga. Ine wothyoka mwendo ndinapulumutsidwa ndi womwalira.

Ndinathamangira kwa Che Ajusa, mwendo uli tuu ndi nyerere. Ndinati a tcheya, kaundula ali kuti? Anakanda mutu. Ati anthu amasaina polandira mabanzi, ndiye pepalalo lapita ndi galimoto. Ndinati nanga ababa? Ati iii, Abiti, zimenezo mukafunse ku boma, ife amangotiuza kuti sonkhanitsani anthu. Kenako anandipatsa banzi limodzi limene anandisungira m'thumba la malaya.

Lolemba ndinakwera matola, ulendo wa ku boma. 9:20 ndinali pakhomo la ofesi. Ati abwana ali ku msonkhano. 11 koloko, akadali ku msonkhano. 12:30, apita kukadya. Ndinakhala pabenchi moyang'anizana ndi chithunzi chachikulu cha anthu ovala mavesiti akunyamula gogo pa machira, onse akumwetulira, ndi gogo yemwe.

2:10 Bwana Vesiti anatulukira, lero wopanda vesiti. Sanandizindikire. Ndinakweza chitenje mpaka pabondo kumuonetsa ntchito ya nyerere.

Anati aaa, ndinu mayi aja? Ati tinakufunafunani kwambiri.

Munandifunafuna kuti, bwana? Munandigoneka ndinu! Kapena ngalande inasamuka?

Anatsegula kompyuta, kuitembenuzira kwa ine. Ati onani, ripoti likuti ovulala onse anapulumutsidwa m'mphindi khumi ndi zinayi, ndipo akuluakulu akondwa. Ati mayi, muli m'gulu la opulumuka, muzithokoza. Ndinati zikomo, ndathokoza, tsopano lembani dzina la ababa.

Anafunsa kuti kodi anabwera ku mayesero? Ndinati ayi, sayenda. Anati ndiye pavuta, chifukwa m'kaundula timalemba amene anabwera n'kusaina kapena kudinda chala.

Ndinamufunsa kuti bwana, kaundulayu ndi wa ndani? Anati wa anthu amene sangathe kuthawa okha. Ndinati ndiye kuti munthu alowe m'kaundula wa osayenda, ayende kaye? Anati mayi, musandizunguze mutu, malamulo sindinapange ndine. Ati sitingalembe munthu amene sitinamuone ndi maso, anthu amalembetsa ndi akufa omwe. Ndinati chabwino, tiyeni mukawaone, kwathu mukukudziwa, munagonekako munthu. Ati galimoto ilibe mafuta. Yodzatula mipando makumi anayi inali nawo mafuta, yokaona munthu mmodzi ilibe. Anatseka kompyuta n'kunena kuti bwerani nawo.

Amaganiza kuti sindingathe. Sandidziwa.

Lachitatu, dzulo lomweli, ndinabwera nawo. Ababa atamva kuti tikupita ku boma anati ndiwatulutsire mkanjo wawo woyera wa pa Idi ndi kofia yake, ati munthu sapita kwa akuluakulu ngati akupita kudimba. Che Ajusa, mwina chikumbumtima chinawagwira, anabwera kudzandithandiza kuwakweza pa lole ya usipa. Tinawakhazika pamwamba pa matumba, ine nditawagwira m'chiuno, msewu wonse wa ku Malindi uja mukuudziwa mabampu ake. Pofika ku boma mkanjo unali ukununkha usipa, amphaka a mumsika akutilondola.

Kuchoka pamsika kukafika ku ofesi ndinabwereka wilibala kwa bambo wina wogulitsa makala. Ababa anga, munthu amene anakhala siginala zaka makumi atatu, wotsogolera alovi panyanja, mawu ake okha ankatembenuza mabwato, dzulo anayenda m'tauni pa wilibala ya makala. Anatsitsa kofia mpaka pamphuno kuti wina asawazindikire. Koma nthabwala sanasiye. Pa bampu lililonse amati dalaivala, laisensi munagula kuti?

Pa ofesi pali masitepe asanu ndi anayi. Ofesi yolembetsa anthu osayenda, masitepe asanu ndi anayi. Mlonda anati wilibala silowa muno, idetsa pansi. Ndinamufunsa ngati angandithandize kunyamula. Ati iye ntchito yake ndi geti, ndiponso msana wake umavuta.

Ndinamasula chitenje. Ndinagwada, kuwakoka ababa, kuwabereka kumsana monga ndinkaberekera ana anga. Kwathu kuno mwana wamkazi kubereka bambo ake pagulu si zinthu zoona, ndipo ababa ananong'ona kuti mwanangu, anthu. Ndinati ababa, anthuwo aone. Ndinakwera masitepe onse ndikuwerenga, thukuta lili kamukamu.

10:50 ndinawakhazika pampando pamaso pa Bwana Vesiti.

Kunena zoona, anadzidzimuka. Anaimirira, kuwapatsa moni ndi manja awiri, kuyesa ndi Chiyao chomwe, chothyokathyoka koma anayesa. Anatulutsa fomu. Mtima wanga unayamba kuzizira. Dzina, analemba. Mudzi, analemba. Vuto, analemba. Ababa anadinda chala chakumanja, n'kuchiyang'ana inki ija monyadira.

Kenako funso lachisanu ndi chiwiri. Analiwerenga mokweza: kodi munthuyu ali ndi womunyamula pa nthawi ya ngozi? Anakweza maso, kundiyang'ana ine ndikupumira m'mwamba.

Anati mwakwera nawo nokha masitepe onsewa? Ndinati eya. Anati popanda wokuthandizani? Ndinati eya, mlonda wanu ali ndi msana. Anagwedeza mutu mosilira. Ati muli ndi mphamvu, mayi, amayi ngati inu ndi amene dziko likufuna.

Anachonga pa EYA.

Ati kaundula woyamba ndi wa anthu opanda owanyamula. Ati bambowa ali ndi mwayi, ali ndi inu, ndipo waona yekha ndi maso ake. Fomu ija anaiika pa mulu wachiwiri, kuseri kwa kabati, n'kuipsinja ndi kapu ya tiyi.

Ndinamufotokozera bwinobwino. Ndinati bwana, ine kukacha ndimakhala kudoko mpaka masana. Doko lili tsidya lina. Madzi akabwera amadzaza mtsinje womwewo umene uli pakati pa ine ndi ababa. Anati akumvetsa, akumvetsa kwambiri, koma fomu ili ndi mabokosi awiri okha, EYA ndi AYI, palibe polemba za mtsinje. Ndinati ndiye fufutani muchonge pa AYI. Ati limenelo likhala bodza, ndipo iye salemba bodza m'mapepala a boma.

Iye. Wa mphindi khumi ndi zinayi uja.

Zimene ndinalankhula pamenepo sindizilemba pano. Ndapempha kale chikhululuko kwa Mulungu, ndipo a m'maofesi oyandikana nawo anazimva okha, ena anatseka mawindo. Ndinagwada, kuwaberekanso ababa, kutsika masitepe, kubweza wilibala kwa mwini wake.

Pobwerera, pa lole ija, ababa sanaseke pa bampu ngakhale limodzi. Ankangoyang'ana kumapiri. Titadutsa Malindi anandikoka dzanja ndi dzanja lawo logwira ntchito lija.

"Mwanangu, madzi akadzabwera iwe uli kudoko, usadzawoloke mtsinje chifukwa cha ine. Wamva? Uli ndi ana."

Ndinati ababa, musalankhule choncho. Anati ndakuuza, ndipo sindibwereza.

Usiku wathawu sindinadye. Zandipweteka, ndipo ndakwiya.

Anzanga a ku Lungwena, a ku Malindi, ngakhale inu a tsidya ku Monkey Bay, ngati muli ndi munthu wosayenda pakhomo, musakhulupirire kuti alipo m'kaundula chifukwa choti galimoto yoyera inafika m'mudzi mwanu. Kafunseni. Ndipo mukapita naye, pezani amuna anayi akunyamulireni, inu muzitsimphina m'mbuyo ndi ndodo.

Inu bwana, ndikudziwa kuti muwerenga, chifukwa alamu anu ali pa tsamba lino ndipo sasunga nkhani. Kumapiri kwayamba kuda masana aliwonse. Sindikufuna kupepesa kwanu, sindikufuna msonkhano. Ndikufuna dzina la munthu mmodzi, wamoyo, wa tsidya lino la mtsinje, amene adzalowe m'nyumba mwathu n'kunyamula ababa anga, Che Saidi, madzi akafika pakhonde. Mulembe pansipa, onse aone.

Mukapanda kundipatsa, dziwani chinthu chimodzi. Ababa ndawamvera moyo wanga wonse, koma apa sindidzawamvera. Ndidzawoloka. Ndipo ine kusambira sindidziwa.